MBONI YA KADAMSANA

Pali zinthu zina zimene munthu akhoza kuziitanitsa, zina akhoza kuzigula, zinanso akhoza kuzichedwetsa kufikira tsiku lomukomera. Kadamsana sali m'gulu limeneli. Amabwera pa tsiku lake ndi pa mphindi yake, sayang'ana nkhope ya mfumu kapena ya mmphawi, ndipo akapita palibe amene angamubweze. Akatswiri a zakuthambo amatha kutiuza tsiku lake kudakali zaka mazanamazana, koma palibe mmodzi mwa iwo amene angawonjezere ngakhale sekondi imodzi pa nthawi ya mdima wake. N'chifukwa chake anthu ambiri masiku ano, akamva kuti kadamsana wayandikira, amathamangira kamera kapena foni ya m'manja. Mtima wa munthu umafuna kugwira chimene chikuthawa.

Funso limene tikufuna kulingalira mwezi uno likuoneka laling'ono, koma mizu yake idalowa pansi. Munthu wapatsidwa mphindi zitatu zoti aone chinthu chimene mwina sadzachionanso moyo wake wonse. Kodi achita bwino kuzithera mphindizo ali chiweramire pa makina, kuti apite kwawo ndi chithunzi? Kapena aike makinawo pansi, akweze maso, apite kwawo chimanjamanja koma ataona? Tikunena pano za anthu wamba: mphunzitsi, kalaliki, namwino, mwana wa sukulu, anthu amene sajambula kuti alipidwe. Azungu amamutchula munthu wotere ndi dzina lochokera ku mawu a Chilatini akuti amator, ndiye kuti wokonda. Dzinali ndi loyenera, pakuti funso lathu kwenikweni ndi ili: kodi munthu akachikonda chinthu, ayenera kuchita nacho bwanji?

Chimene chimachitika kumwamba

Tisanaweruze, tiyeni tiyambe tamvetsa nkhani yake. Kadamsana alipo wa mitundu iwiri. Wa dzuwa amachitika mwezi ukadutsa pakati pa dziko ndi dzuwa, mthunzi wake n'kugwera pa ife. Izi zimatheka pokhapokha mwezi uli mumdima. Wa mwezi amachitika dziko lathu likakhala pakati, mthunzi wake n'kuphimba mwezi. Izi zimatheka pokhapokha mwezi uli wathunthu. Wina angafunse kuti nanga bwanji sitimuona kadamsana mwezi ndi mwezi? Chifukwa chake n'chakuti njira ya mwezi ndi yopendekeka pang'ono, pafupifupi madigiri 5, poyerekeza ndi njira imene dziko limatsata pozungulira dzuwa. Motero kawirikawiri mthunzi umaphonya, umadutsa pamwamba kapena pansi.

Chodabwitsa n'chakuti dzuwa limaposa mwezi pafupifupi ka 400 m'mimba mwake, komanso lili kutali kuposa mwezi pafupifupi ka 400. Choncho kwa ife ziwirizi zimaoneka zolingana, ndipo mwezi umatha kulivundikira dzuwa ndendende monga mmene chivundikiro chimakhalira pa mphika wake. Koma mthunzi weniweni wa mwezi ndi wopapatiza. Pofika pansi kawirikawiri supitirira makilomita 270 m'lifupi, ndipo umathamanga liwiro loposa makilomita 1,600 pa ola. Mdima wathunthu sungapitirire mphindi 7 ndi theka. Nthawi zambiri umatha pa mphindi ziwiri kapena zitatu. Akatswiri amawerengera kuti malo amodzi, tinene mudzi umodzi, amafikiridwa ndi mdima woterewu kamodzi pa zaka pafupifupi 375.

Dera lathu lino lidachita mwayi kawiri motsatizana. Pa 21 Juni 2001 mthunziwu udadutsa m'maiko a Angola, Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi Madagascar, ndipo mumzinda wa Lusaka mudagwa mdima dzuwa lili pamwamba kwa mphindi zitatu ndi masekondi ochepa. Pa 4 Disembala 2002 udadutsanso Angola, Botswana, Zimbabwe, South Africa ndi Mozambique. Alendo ambiri adachokera ku maiko akutali, atanyamula makamera olemera, kudzafuna mphindi zochepazo.

Kadamsana wa mwezi ndi wofatsa kusiyana ndi mnzake. Amaoneka kwa anthu onse amene kwawo kuli usiku, ndipo safulumira. Wa pa 27 Julaye 2018, amene adaoneka bwino kuno ku Africa, adasunga mwezi wonse mumthunzi kwa ola limodzi ndi mphindi 43. Mwezi suzimirira kwathunthu. Umasanduka wofiirira ngati njerwa yootcha, chifukwa mpweya wozungulira dziko lathu umakhotetsa kuwala kofiira kwa dzuwa n'kukulowetsa mumthunzimo. Kufiira kwake kumasiyanasiyana malinga ndi fumbi limene lili mumlengalenga. Mu Disembala 1992, patapita chaka ndi theka chiphulikire phiri la Pinatubo ku Philippines, mwezi udachita bii kotero kuti udali wovuta kuupeza ndi maso.

Ntchito ya wojambula

Amene sadayesepo amaganiza kuti kujambula kadamsana n'kungoloza kamera kumwamba ndi kutabwanya. Oyesa koyamba amakhumudwa, chifukwa mwezi umene m'maso udali waukulu ngati lichero, pachithunzi umatuluka ngati kadontho. Galasi wamba la kamera, la mamilimita 50, limaika pafilimu mwezi wosakwana theka la milimita, ngati kanjere ka mchenga. Pamafunika galasi lalitali, la mamilimita 500 kapena kuposa, kapena kulumikiza kamera ku telesikopu, kuti mapiri ndi zigwa za mwezi ziyambe kuoneka. Galasi likatalika, kunjenjemera kochepa kwa dzanja kumaononga zonse, motero kamera iyenera kukhazikika pa chitsulo chake cha miyendo itatu.

Vuto lachiwiri ndi la kuwala. Mwezi wathunthu ndi wowala kwambiri, kamera imangofuna kuphethira. Koma ukalowa mumthunzi umachepa kuwala kambirimbiri, ndipo diso la kamera liyenera kukhala lotsekuka sekondi yathunthu kapena kuposerapo. Pomwepo dziko silidaime. Chifukwa cha kuzungulira kwake, mwezi umasuntha mtunda wofanana ndi kukula kwake pa mphindi ziwiri zilizonse, ndipo wojambula akachedwa kutseka, chithunzi chimatuluka chopakika ngati makala pakhoma.

Pa kadamsana wa dzuwa nkhani imakula, chifukwa pamenepa pali ngozi. Dzuwa, ngakhale litatsala kachidutswa kochepa, limatha kuotcha mkati mwa diso, ndipo malo amene amapsawo samva ululu. Munthu amadzazindikira pambuyo pake kuti pakati pa zimene akuona pali banga. Galasi la kamera kapena la telesikopu limasonkhanitsa kuwalako n'kukulitsa ngoziyo. Choncho kutsogolo kwa galasi kumafunika chotchinga chopangidwira ntchito imeneyi, chimene chimalola gawo limodzi lokha mwa magawo pafupifupi 100,000 a kuwala. Magalasi akuda ovala padzuwa, galasi lodetsedwa ndi mwaye, kapena kuyang'ana dzuwa m'beseni la madzi, zonsezi siziteteza. Chotchingacho chimachotsedwa pa mphindi zokhazo za mdima wathunthu, ndipo chiyenera kubwezeredwa kuwala koyamba kukangothwanima. Pa kadamsana wapang'ono, kapena wosiya mphete ya moto m'mphepete monga wa pa 1 Seputembala 2016 amene adadutsa Tanzania ndi kumpoto kwa Mozambique, palibe mphindi ngakhale imodzi imene diso lingayang'ane losatetezedwa.

Tikaonjeza pamenepa ndalama zosungidwa miyezi yambiri, ulendo wautali, ndi masiku oyeserera, tiona kuti wojambula wokonda si munthu wopepuka mtima. Waphunzira kudikira, waphunzira kuwerengera, ndipo akudziwa kuti kamtambo kamodzi kangathe kufafaniza zonse adakonzazo popanda woti amudandaulire. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa kudekha kokha, munthu ameneyu ayenera ulemu wathu.

Mlandu wa kamera

Komabe pali mlandu umene kamera iyenera kuyankha, ndipo si wochepa. Mdima wathunthu ukamayandikira, dziko lonse limasintha. Kuwala kumafooka, mitundu ya zinthu imafwifwa, mphepo imazizira. Pansi pa mitengo, kuwala kodutsa m'masamba kumajambula timiyezi tambirimbiri pa dothi. Mbalame zimathamangira ku zisa, nkhuku zimafuna khola. Kenaka dzuwa limasanduka dzenje lakuda, lozunguliridwa ndi chisoti choyera cha nthenga zowala chimene akatswiri amachitcha korona. Nyenyezi zowala kwambiri zimatuluka, ndipo m'mphepete monse mwa thambo mumafiira ngati kukucha mbali zonse nthawi imodzi. Anthu ena amafuula, ena amalira, ena amangoti kakasi.

Mwa zonsezi, kamera yoloza dzuwa imatola chimodzi chokha. Siimva kuzizira, siimva kukhala chete kwa mbalame, siona nkhope ya mwana amene wagwira chitenje cha amake. Ndipo mwini kamera, ngati maso ake ali pa timabatani, naye sazimva. Ambiri mwa iwo amene amatsata kadamsana dziko ndi dziko amalangiza munthu woona koyamba kuti asajambule n'komwe. Amadziwa kuti mapanga awiri avumbwitsa, ndi kuti mphindi zitatu sizigawika bwino.

Chinanso n'chakuti diso la munthu limaposa kamera pa ntchito imeneyi. Chisoti cha dzuwa n'chowala kwambiri pafupi ndi mwezi, koma chimanka chizilala kutali, ndipo kusiyana kwake n'kwakukulu zedi. Diso limaona zonse pamodzi. Kamera, pa kutsekula kumodzi, imasankha: ikatola za pafupi, za kutali zimasowa, ikatola za kutali, za pafupi zimayera mbuu. Choncho wojambula amene sadakweze maso wasinthanitsa chachikulu ndi chaching'ono.

Tionjezepo mfundo ina yowawa. Kadamsana akangotha, pasanapite maola ambiri, zithunzi za akatswiri okhala ndi makina amphamvu zimakhala zitafalikira kale pa intaneti, zokongola kuposa chilichonse chimene munthu wamba angatulutse. Nanga iye akuvutikiranji? Tikafufuza mtima moona, nthawi zina yankho lake si chikondi cha kumwamba ayi, koma mawu aang'ono aja akuti "changa". Chithunzi changa, ulendo wanga, ndidaliko ine. Dzuwa ndi mwezi zimasanduka mkanda woti munthu avale pakhosi kuti anzake amuone. Apa chikondi chasanduka umbombo, pakuti wokonda weniweni amadziiwala pamaso pa chimene akuchikonda, pomwe waumbombo amachiyang'ana n'kumadziona yekha.

Ndiponso anthu adasunga kadamsana kamera isanabadwe. Mbiri ya Angoni imanena kuti pamene Zwangendaba ndi anthu ake ankaoloka mtsinje wa Zambezi cha ku Zumbo, dzuwa lidada masana. Nkhaniyi idayenda pakamwa kuchokera kwa agogo kufika kwa adzukulu, ndipo pambuyo pake olemba mbiri adaiyerekeza ndi mawerengero a zakuthambo n'kupeza kadamsana wa mu Novembala 1835. Motero tsiku la kuolokako lidadziwika chifukwa cha anthu amene adakweza maso, nachita mantha, nakumbukira. Luso lojambula zithunzi lidalengezedwa ku Paris mu 1839, patapita zaka zinayi. Angoniwo adalibe chilichonse m'manja choti agwirire dzuwa, koma umboni wawo udakalipo mpaka lero.

Mbali ya kamera

Mlandu suweruzidwa mbali imodzi. Kukumbukira kwa Angoni kudatisungira tsiku, koma sikungatiuze maonekedwe a chisoti cha dzuwa pa tsikulo. Mtima wa munthu umasunga mantha ndi chimwemwe, koma umataya mizere ndi miyeso, ndipo pakapita zaka umaonjezera zake. Pali zoona zina zimene sizikadadziwika popanda chithunzi.

Chithunzi choyamba chooneka bwino cha kadamsana wathunthu wa dzuwa chidajambulidwa pa 28 Julaye 1851 mumzinda wa Königsberg, umene lero ukutchedwa Kaliningrad, ndi wojambula wa komweko dzina lake Berkowski. Adatsekula kamera yake kwa masekondi 84. Nthawi imeneyo akatswiri ankatsutsana za malawi ofiira amene amaoneka m'mphepete mwa mwezi pa mdima wathunthu. Kodi ndi a dzuwa, kapena a mwezi, kapena ndi maso chabe amene akunyengeka? Aliyense ankafotokoza zimene adaona, ndipo mafotokozedwewo sankagwirizana.

Mkanganowu udatha pa 18 Julaye 1860 ku Spain. Warren De la Rue, Mngelezi amene ntchito yake yodyera idali ya kampani ya banja lawo yosindikiza ndi kukonza mapepala, ndipo zakuthambo ankazichita chifukwa chozikonda, adajambula kadamsanayo ku Rivabellosa. Wansembe wa chipani cha Ajezwiti, Angelo Secchi, adamujambula ku Desierto de las Palmas, mtunda wa makilomita mazana angapo kuchokera pamene padali mnzakeyo. Atayerekeza zithunzi zawo, adapeza malawi omwewo ndi maonekedwe omwewo, ndipo zidaonetsa mwezi ukuyenda pamwamba pa malawiwo, kuwaphimba mbali ina ndi kuwavundukula mbali ina. Zidadziwika tsono kuti malawiwo ndi a dzuwa. Mboni ziwiri zidagwirizana, ndipo imodzi mwa izo idali munthu wongokonda.

Pa 29 Meyi 1919 Arthur Eddington adali pa chilumba cha Príncipe, kumadzulo kwa Africa, pomwe anzake ena adali ku Sobral m'dziko la Brazil. Cholinga chawo chidali kuyesa ganizo la Albert Einstein lakuti kuwala kwa nyenyezi kumakhota kukamadutsa pafupi ndi dzuwa. Ku Príncipe kudali mitambo, ndipo mwa zithunzi 16 zimene Eddington adajambula, ziwiri zokha ndizo zidaonetsa nyenyezi zokwanira kuyeza. Zotsatira za magulu awiriwa zidalengezedwa ku London mu Novembala chaka chomwecho, ndipo zidagwirizana ndi Einstein. Palibe diso la munthu limene likadatha kuyeza kusuntha kochepa chotero. Apa kuweramira makina kudali kutumikira choona.

Tisaiwalenso aja amene sangathe kupita. Pali nkhalamba imene miyendo idaileka, wodwala amene ali gone m'chipatala, mlonda amene sakadasiya ntchito, ndi mwana amene sadabadwe. Chithunzi chojambulidwa ndi mphunzitsi wa pamudzi, chooneka mtengo wa mango umene aliyense akuudziwa ndi mwezi wofiira pamwamba pake, chimalankhula kwa anthu a pamudzipo mwa njira imene chithunzi cha katswiri wa kutali sichingathe. Chimanena kuti izi zidachitika kwathu kuno, pamwamba pa madenga athu.

Udindo wa mboni

Tsono tiweruze bwanji? Ife tikuona kuti yankho lagona pa kumvetsa chimene chithunzi chili. Chithunzi ndi umboni. Kadamsana sasanduka chuma cha munthu chifukwa chakuti wamujambula, monga mmene mlandu susandukira wa mboni chifukwa chakuti idaona. Wojambula akadzitenga ngati mboni, kamera imapeza malo ake oyenera. Ndipo mboni ili ndi maudindo atatu.

Udindo woyamba ndi kuona. Pabwalo la milandu, munthu wonena zimene sadaone ndi maso ake samutcha mboni. Wojambula amene wabwerako ndi zithunzi makumi asanu koma sangathe kufotokoza mmene thambo lidaonekera, makina ake ndiwo adaliko, iye kudalibe. Njira yopewera zimenezi ndi kukonzeka. Ayeserere masiku ambiri kufikira manja atazolowera okha, asankhiretu zochepa zimene adzajambule, ndipo adziikire lamulo lakuti gawo lalikulu la mphindizo ndi la maso. Makamera ambiri a masiku ano amatha kuikidwa kuti azijambula okha pa nthawi yoikika; nzeru ndi kuwasiya agwire ntchito yawo, munthu n'kugwira yake. Ndipo chinthu chikalakwika mdima uli mkati, chisiyeni. Chithunzi chotayika chili ndi zinzake zikwizikwi kwa anthu ena, koma mphindi yotayika ilibe inzake.

Udindo wachiwiri ndi kunena zoona. Lero kompyuta imatha kukuza mwezi, kuufiiritsa, ndi kuuika pamwamba pa phiri limene sudakhalepo. Tisafulumire kunena kuti kukonza chithunzi kulikonse ndi bodza. Taona kale kuti kamera siitha kutola chisoti chonse cha dzuwa pa kutsekula kumodzi, motero ojambula amaphatikiza zithunzi zingapo kuti ayandikire chimene diso lidaona. Katswiri wa masamu wa ku Brno m'dziko la Czech Republic, Miloslav Druckmüller, adatchuka ndi zithunzi zotere, zimene akatswiri a dzuwa amazigwiritsa ntchito pa kafukufuku wawo. Kumeneko ndi kuthandiza choona kuti chioneke. Malire ake ndi awa: kodi wojambula angathe kufotokoza poyera zimene wachita popanda manyazi? Ngati angathe, palibe chinyengo. Koma ngati mphamvu ya chithunzi chake yagona pa kubisa, ngati akufuna kuti anthu akhulupirire kuti thambo lidaoneka mmene silidaonekere, wasanduka mboni yonama. Wina adzati bodza la mwezi silipha munthu. Zoonadi silipha, koma limadya chikhulupiriro chimene anthu ali nacho pa zithunzi zonse, ndipo tsiku lina chithunzi choona cha chinthu chofunika chidzakanidwa chifukwa cha mabodza aang'onoang'ono amene adatsogola. Komanso pali chipongwe china m'menemo: munthu wapatsidwa chodabwitsa chaulere, iye n'kuchiona chosakwanira, n'kuyamba kuchipaka utoto.

Udindo wachitatu ndi kukumbukira anthu ena. Umboni umaperekedwa kwa anthu, sausungira m'thumba. Pamalo pamene pali telesikopu kapena kamera yaikulu, ana amasonkhana, akuluakulu amayandikira mwamanyazi. Wojambula akhoza kuwaona ngati chosokoneza, n'kuwathamangitsa kuti asagwedeze makina. Akhozanso kuwaona ngati eni ake a thambo limene iye akujambula. Iye ndiye amene akudziwa kuopsa kwa dzuwa, choncho maso a anawo ali m'manja mwake. Kuwachenjeza, kuwabwereka magalasi otetezera, kuwaonetsa mmene kabowo kakang'ono pa pepala kamagwetsera chithunzi cha dzuwa pansi popanda kuyang'ana kumwamba, kuwalozera timiyezi ta pansi pa mtengo, zonsezi n'zazikulu kuposa chithunzi chilichonse. Munthu amene wabwerako ndi chithunzi chokongola, pomwe mwana amene adaima pambali pake waonongeka diso chifukwa padalibe womuuza, wagula chithunzicho pa mtengo umene sakadayenera kulipira.

Phunziro lopitirira kadamsana

Nkhaniyi tayamba ndi dzuwa ndi mwezi, koma owerenga athu aona kale kuti ikukhudza zambiri. Foni yokhala ndi kamera yalowa m'matumba a anthu ochuluka, ndipo funso la kadamsana limabwera pa ukwati, pa chinkhoswe, pa gule, ngakhale pa maliro ndi pa ngozi ya pamsewu. Mwana akuyamba kuyenda, bambo akumuonera pa kagalasi ka foni. Munthu wagwa panjinga, anthu khumi akujambula, wogwira dzanja palibe. Mafunso atatu aja ndi omwewo. Kodi ndaona ndi maso anga ndi mtima wanga? Kodi chimene ndikaonetse anthu n'choona? Kodi ndakumbukira munthu amene ali patsogolo panga ndi pambali panga?

Kadamsana amangoliika funsoli poyera chifukwa nthawi yake ndi yoyezeka, ndipo aliyense amadziwa kuti ikutha. Zinthu zina zonse za moyo wathu nazo zikutha chimodzimodzi, kungoti palibe katswiri amene adatilembera ola lake. Makolo athu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mlendo akafika pakhomo, mwini nyumba wanzeru amayamba wamulonjera, n'kukhala naye pansi, n'kumva mawu ake. Za chikumbutso zimabwera pambuyo.

Pa 25 Novembala 2030, m'mawa, mthunzi wa mwezi udzadutsanso Namibia, Botswana, South Africa ndi Lesotho, ndipo abale athu ambiri amene akukhala m'maiko amenewo adzakhala pafupi ndi njira yake. Kadamsana wa mwezi ndiye amabwera kawirikawiri, ndipo safuna ulendo kapena chotchinga maso. Amene ali ndi kamera aikonze, aphunzire ntchito yake, ajambule ndithu. Ndi ntchito yabwino, yophunzitsa kudekha ndi kudzichepetsa. Koma mdima ukadzafika, achotse dzanja pa makina kwa kanthawi, aitane amene ali pafupi, ndipo onse pamodzi ayang'ane kumwamba.